Mmene mungayesere kuganiza kwa namwino watsopano pogwiritsa ntchito zoyeserera

Namwino amene wangomaliza kumene maphunziro akhoza kulowetsa kanula (kachubu kolowetsa mu mtsempha) mwaluso, kuwerengera madontho a diripi osalakwitsa ndi kulemba tchati mwaudongo, koma osazindikira kuti wodwala amene akumusamalirayo wayamba kufooka. Manja ake ali bwino. Chimene sichinakhwime ndi kuona chizindikiro, kuchimasulira ndi kusankha chochita nthawi isanathe. Mu 2017 Joan Kavanagh ndi Christine Szweda anafalitsa zotsatira za mayeso a anamwino atsopano oposa 5,000 ku United States, ndipo 23 okha pa 100 alionse ndi amene anafika pa mlingo woyembekezeka kwa munthu woyamba ntchito. Sitingadikire kuti wodwala weniweni avulale tisanadziwe kuti namwino sanakonzeke. N'chifukwa chake pali zoyeserera (simulation): chipinda chimakonzedwa ngati wodi, pabedi pamagonekedwa chidole kapena munthu wophunzitsidwa kuyeserera matenda, ndipo oyesa amaonerera namwino akugwira ntchito.

Zoyeserera zambiri zimayesa manja pomwe ozikonza akuganiza kuti akuyesa nzeru. Fomu ikamangofunsa ngati wasamba m'manja, wayeza BP, walemba, namwino woloweza mndandanda amakhoza ngakhale sanamvetse chimene chikuchitika m'thupi la wodwala. Kuti kuganiza kuoneke, nkhani iyenera kuyamba mosadziwika bwino, izisintha malinga ndi zimene namwino wachita, ndipo pamapeto afunsidwe chifukwa chake anachita zimenezo.

Yambani ndi kugwirizana chimene mukuyesa

Christine Tanner mu 2006 anagawa kuganiza kwa namwino panayi: kuzindikira, kumasulira, kuchitapo kanthu, ndi kulingalira pambuyo pake. Bungwe la NCSBN, loyang'anira mayeso a ziphaso za anamwino ku United States, lili ndi magawo 6: kuzindikira zizindikiro, kuzisanthula, kusankha vuto lofunika kwambiri, kupeza njira zolithetsera, kuchitapo kanthu, ndi kuona zotsatira. Mayeso awo a chiphaso otchedwa NCLEX akhala akuyesa magawo amenewa kuyambira mu Epulo 2023. Tengani njira imodzi mwa ziwirizi, musazisakanize, chifukwa oyesa anu ayenera kulankhula chilankhulo chimodzi.

Kenako lembani zolinga ziwiri kapena zitatu zooneka ndi maso. "Aonetse kuganiza bwino" si cholinga, poti palibe angachione. "Azindikire kuti wodwala akutaya magazi BP isanatsike pansi pa 100, ndipo aitane dokotala pasanathe mphindi 7" ndicho cholinga.

Musayembekezere zopitirira msinkhu wake. Pa masitepe asanu amene Patricia Benner anafotokoza mu 1984, namwino watsopano amakhala pa sitepe yachiwiri: wadziwako ndithu, koma amadalirabe malamulo ndipo zizindikiro zonse amaziona ngati zolemera mofanana. Sitikufuna kuti atchule dzina la matenda ngati katswiri. Tikufuna aone kuti zinthu zasintha, achite zoyamba zoteteza moyo, aitane thandizo msanga, ndipo afotokoze momveka.

Sankhaninso padakali pano ngati mayesowa ndi ophunzitsira kapena oweruzira ngati namwino angayambe kugwira yekha. Ophunzitsira amalola kuima ndi kukonza pakati. Oweruzira amafuna kuti aliyense akumane ndi zofanana ndendende. Mukauza namwino kuti "tikungophunzira" kenako malikisi ake n'kukapezeka m'fayilo yake ya ntchito, sadzakuuzaninso zoona za mmene amaganizira.

Lembani nkhani yoyamba mwakachetechete

Apa ndi pamene pagona ntchito yaikulu. Chidole chikangoyamba ndi kuima mtima, simuyesa kuganiza, muyesa kuloweza CPR, njira yotsitsimutsa munthu amene mtima wake waima. Sankhani vuto lokula pang'onopang'ono. Kutaya magazi m'kati pambuyo pa opaleshoni ndi chitsanzo chabwino chifukwa thupi limabisa: munthu wamkulu akhoza kutaya magazi okwana 15 peresenti, pafupifupi mamililita 750, popanda kusintha kwenikweni. Mtima umathamanga, mitsempha imafinyika, impso zimachepetsa mkodzo, ndipo BP imatsika mochedwa, kawirikawiri magazi otayika akafika cha m'ma 30 peresenti. Namwino wodikira BP amafika mochedwa.

Tiyerekeze bambo wa zaka 58, wolemera makilogalamu 70, amene anachitidwa opaleshoni ya m'mimba maola 6 apitawo.

Gawo loyamba, kuyambira pa mphindi 0 mpaka 3: mtima ukugunda ka 104 pa mphindi, BP 118/76, akupuma ka 20, okosijeni 96 peresenti, kutentha kwa thupi 36.8. Akudandaula ludzu ndipo akutembenukatembenuka. Pa NEWS2, fomu yochenjeza imene bungwe la madokotala la ku United Kingdom, Royal College of Physicians, linatulutsa mu 2017, manambalawa akupereka pointi imodzi yokha. Koma patchati kugunda kwa mtima kwa maola atatu apitawa kwalembedwa 82, 90, 98. Mkodzo m'maola omwewo ndi mamililita 60, pomwe munthu wa makilogalamu 70 amayenera kutulutsa osachepera 35 pa ola. Thumba la dreni (kachubu kotulutsa madzi ndi magazi pabala), limene mwalibisa pansi pa bulangete, lili ndi mamililita 350 a magazi ofiira. Palibe chimene chikukuwa, koma zonse zilipo kwa wozifunafuna.

Gawo lachiwiri, mphindi 4 mpaka 7: mtima 118, BP 102/68, kupuma 24, okosijeni 94, manja ozizira, chala mukachitsina magazi akutenga masekondi 4 kubwerera. NEWS2 yafika pa 6, ndipo mapointi akangofika 5 wodwala amayenera kale kuonedwa mwachangu.

Gawo lachitatu limabwera pokhapokha namwino asanachite chothandiza pofika mphindi 7: mtima 132, BP 86/54, kupuma 28, okosijeni 92, ndipo wodwala wayamba kusokonezeka. NEWS2 tsopano ndi 14.

Ikanipo mphambano imodzi, malo amene namwino angakhotere kolakwika pa chifukwa chomveka. Patchati ya mankhwala palembedwe morphine woperekedwa ululu ukakula, ndipo wachibale wodikirira odwala aumirire kuti, "Anamwino, bambo akuvutika, apatseni mankhwala aja." Amene wamasulira kusakhazikika kuja ngati ululu adzathamangira morphine, amene angatsitse BP kwambiri. Amene waima n'kudzifunsa kuti mtima ukuthamangiranji adzavundukula bulangete. Zosokoneza zisapitirire ziwiri. Mukaika foni yolira, wachibale wolusa, diripi yotsekeka ndi wodwala wina woitana, mudzangoona mmene munthu amasokonekera, osati mmene amaganizira.

Lembaninso zimene thupi lichite namwino akachita bwino. Akagoneka wodwala chagada, kukweza miyendo, kupereka okosijeni ndi kuyambitsa madzi monga mwa lamulo la dokotala, manambala akhale pa gawo lachiwiri ndipo mtima utsikeko kufika pa 110. Izi zimakupatsani mpata woona ngati abwerera kudzayezanso. Chidole chisafe, pokhapokha ngati imfa ili m'zolinga zanu. Namwino amene "wapha" wodwala samva china chilichonse chimene munganene tsiku limenelo. Nkhani yonse ithe pa mphindi 12 mpaka 15.

Konzani pepala la zoyembekezeka, lokhala ndi nthawi

Pambali pa chochita chilichonse lembani nthawi yake. Pofika mphindi 3 akhale atayeza yekha zizindikiro zonse, kuphatikizapo kuwerenga kupuma kwa mphindi yathunthu, ndi kufananiza ndi tchati. Pofika mphindi 5 akhale ataona bala, mimba, dreni ndi mkodzo. Pofika mphindi 7 akhale ataitana dokotala ndi kufotokoza mwa dongosolo la SBAR: chimene chachitika, mbiri ya wodwala, chimene iye akuganiza, ndi chimene akupempha. Pambuyo pake aone ngati kanula ikugwira ntchito, akonze ina yaikulu, akonze zotengera magazi okayeza ndi okafananiza gulu, asamupatse chakumwa ngakhale akulira ludzu, ndipo aziyezanso mphindi 5 zilizonse. Zonsezi zifananizeni ndi malamulo a chipatala chanu pa zimene namwino amaloledwa kuchita yekha, kuti musamulange chifukwa chosachita zimene saloledwa.

Patulani zolakwa zingapo zoopsa zimene zimalepheretsa munthu ngakhale malikisi ena atakwera: kupereka morphine asanayeze wodwala, kusiya wodwala yekha pa gawo lachitatu, kusaitana thandizo mpaka nkhani kutha.

Sankhani fomu yopimira

Pepala la nthawi limaonetsa zimene zachitika. Ubwino wa kuganiza umafuna fomu ina. Yodziwika kwambiri ndi ya Kathie Lasater ya mu 2007, yomangidwa pa magawo a Tanner. Ili ndi mbali 11: zitatu za kuzindikira, ziwiri za kumasulira, zinayi za kuchitapo kanthu, ndi ziwiri za kulingalira. Mbali iliyonse ili ndi milingo inayi, choncho malikisi amayambira pa 11 kufika pa 44. Ina ndi ya yunivesite ya Creighton, ya mfundo 23, imene imangofunsa ngati luso laoneka kapena ayi.

Mawu a pa mafomuwa ndi otambalala, kotero muwamangirire ku nkhani yanu. Pa mbali ya kuzindikira kusintha, mwachitsanzo, gwirizanani kuti mlingo 4 ndi wa amene waona kukwera kwa kugunda kwa mtima ndi kuchepa kwa mkodzo m'gawo loyamba, mlingo 3 waona chimodzi mwa izi n'kufufuza zina, mlingo 2 wadzidzimuka BP itatsika, mlingo 1 sanaone mpaka wodwala atasokonezeka. Popanda zimenezi woyesa aliyense amapima ndi muyeso wa m'mutu mwake.

Phunzitsani oyesa musanayese aliyense

Oyesa akhale awiri, ndipo pasakhale amene amayang'anira namwinoyo tsiku ndi tsiku m'wodi, popeza amabwera ali ndi chigamulo kale. Aonere mavidiyo atatu kapena anayi a nkhani yomweyo: wochita bwino, wolephera, ndi wa pakatikati. Aliyense apereke malikisi payekha, kenako afananize. Paliponse pamene asiyana ndi milingo iwiri, akambirane mpaka apeze chowasiyanitsa, n'kukonza mawu a pafomu. Ngati mumawerengera kappa, chiwerengero chosonyeza mmene oyesa agwirizanira, yochepera 0.6 ikukuuzani kuti oyesa sanagwirizane mokwanira kuti muweruze munthu.

Chosokoneza oyesa kwambiri ndi maonekedwe. Namwino wolankhula molimba ndi woyenda mwachangu amapatsidwa malikisi a kumasulira amene sanawagwirire ntchito, pomwe wofatsa amene waona zonse amachepetsedwa. Njira yake ndi yakuti woyesa alembe kaye zimene waona ndi nthawi yake, monga "04:10 wavundukula dreni, wanena kuti magazi achuluka," ndipo malikisi abwere nkhani itatha.

Yeserani nkhaniyo kawiri musanaigwiritse ntchito: koyamba ndi namwino wodziwa ntchito, kachiwiri ndi watsopano amene sali m'gulu loyesedwa. Wodziwa akasokonezeka, vuto lili m'nkhani. Watsopano akaimaliza m'mphindi ziwiri, zizindikiro mwaziika poyera kwambiri.

Mulandireni ndi kumuonetsa chipinda

Patulani mphindi 10, ndipo mawu ake akhale olembedwa kuti aliyense amve zofanana. Muuzeni cholinga cha mayeso, amene adzaone zotsatira, ndiponso ngati mukujambula vidiyo. Muonetseni pamene kugunda kumamveka pachidole, ndipo agwire yekha. Muuzeni zimene chidole sichingachite: ngati khungu lake silizizira kapena kutuluka thukuta, adziwe kuti akagwira dzanja n'kufunsa, mawu adzamuyankha. Muonetseni foni, okosijeni ndi kabati ya zipangizo. Anamwino ambiri amalembedwa kuti "sanazindikire" pomwe sanadziwe kuti chidolecho chimayezeka kupuma.

Mupempheni kuti azinena mokweza zimene wapeza, ngati akuuza mnzake. Musamuuze kuti wodwala adzafooka. Chidole chodula si chofunika kwenikweni: munthu wophunzitsidwa bwino, manambala olembedwa pamakadi ndi madzi ofiira m'thumba la dreni zimakwanira, ndipo pa kusakhazikika ndi kusokonezeka munthu amaposa chidole.

Poyendetsa nkhani

Woyesedwa alowe yekha. M'gulu, mmodzi amaganiza ena n'kumatsatira, ndipo simungadziwe kuti nzeru zachokera kwa yani. Kumbali yanu pakufunika wosintha manambala, wolankhula ngati wodwala, wachibale, ndi dokotala wa pafoni. Munthu mmodzi akhoza kutenga mbali ziwiri, koma oyesa asatenge mbali iliyonse.

Wodwala ayankhe zimene wafunsidwa basi. Dokotala wa pafoni akhale ndi mayankho awiri olembedwa. Namwino akapereka manambala, kusonyeza kusintha kwake ndi kupempha momveka kuti abwere tsopano, dokotala alamule madzi ndi kunena kuti akubwera. Akangoti "wodwala sakuoneka bwino," dokotala ayankhe kuti, "Pitirizani kumuyang'anira, ndibwera ndikamaliza kuno." Apa mumaona ngati namwino aumirira, aimbanso, kapena aitana mkulu wa wodi. Mphindi imeneyi ndi yamtengo wapatali, chifukwa m'wodi yeniyeni odwala ambiri amachedwa kuthandizidwa pamenepa: namwino anaona, koma sanamveke.

Namwino akauma osadziwa chochita, gwiritsani ntchito chomukumbutsa chimodzi chokonzeratu, pa nthawi yofanana kwa aliyense. Pa mphindi 6 wodwala akhoza kunena kuti, "Pansi pa bulangete pano panyowa." Lembani kuti anakumbutsidwa. Musapeke zokumbutsa zina chifukwa cha chisoni.

Mufunseni musanamuuze chilichonse

Nkhani ikangotha, musanayamikire kapena kudzudzula, patulani mphindi 5 za mafunso ofanana kwa onse. Mutalowa, munaona chiyani choyamba? Munaganiza kuti chikuchitika n'chiyani, ndipo ndi chiyani china chimene chikanakhala? Munasintha maganizo pa nthawi iti, chifukwa cha chiyani? Munadziwa bwanji kuti zimene mwachita zathandiza? Mbali za kumasulira ndi kulingalira sizingapatsidwe malikisi popanda mayankho amenewa, pakuti maso saona za m'mutu.

Mayankhowa amalekanitsa anthu amene pavidiyo amaoneka ofanana. Tengani anamwino atatu amene onse anaitana dokotala pa mphindi 9. Woyamba sanatsegule tchati n'komwe: vuto lake ndi kuzindikira, ndipo akufunika kuzolowera kuyeza mwa dongosolo la ABCDE (njira ya mpweya, kupuma, kayendedwe ka magazi, kutsitsimuka kwa maganizo, ndi kuona thupi lonse) ndi kuwerenga mmene manambala akuyendera. Wachiwiri anaona zonse koma anati mtima ukuthamanga chifukwa cha ululu, osaganiziranso china: vuto lake ndi kumasulira, ndipo akufunika chizolowezi chotchula zifukwa zitatu asanasankhe chimodzi. Wachitatu anadziwa pa mphindi 3 kuti ndi magazi, koma anaopa kuvutitsa dokotala ndi BP ya 118: vuto lake ndi mantha, ndipo kumubwezera ku mabuku n'kumuchedwetsa chabe. Iyeyu akufunika kuyeserera kuimba foni mobwerezabwereza, komanso wodi imene siikalipira woitana msanga. Palinso wachinayi, woopsa kuposa onse, amene anachita zonse pa nthawi yake koma sangafotokoze chifukwa. Wangotsatira zimene anaona ena akuchita, ndipo nkhani ikasintha pang'ono adzasochera.

Oyesa amalize malikisi awo, aliyense payekha, kenako muyambe kukambirana kophunzitsa. Kutenge nthawi yosachepera kutalika kwa nkhaniyo, makamaka kuwirikiza kawiri. Njira imene Jenny Rudolph ndi anzake anafotokoza mu 2006 imagwira bwino apa: nenani zimene mwaona, nenani nkhawa yanu poyera, kenako funsani mofunadi kumva. "Ndinaona kuti munatenga morphine musanaone dreni. Zinandidetsa nkhawa chifukwa mtima unali ukukwera kwa maola atatu. Munkaona bwanji pa nthawiyo?" Funso lotchera msampha, monga "Mukuganiza kuti munachita bwino?", limangomuphunzitsa kudziteteza.

Musaweruze ndi nkhani imodzi

Kuganiza bwino pa matenda amodzi sikutsimikiza kuganiza bwino pa ena. Amene anaphunzirira kwambiri m'wodi ya opaleshoni adzawala pa nkhani ya magazi, n'kulephera pa shuga. Ngati zotsatira zikukhudza ntchito ya munthu, akumane ndi nkhani zosachepera zitatu kapena zinayi zosiyana, ndipo oyesa azisinthana. Mukhoza kuika wodwala shuga amene wayamba kulusa ndi kutuluka thukuta shuga atatsika pansi pa 4 mmol/L, wina amene akupuma ka 8 pa mphindi atalandira mankhwala amphamvu a ululu, ndi nkhani ya odwala anayi pamene namwino ayenera kusankha woyamba kumuona atangolandira lipoti. Muikenso imodzi imene wodwala alibe choopsa. Anamwino amadziwa kuti m'chipinda choyeserera zinthu zimaipa, ndiye ena amaitana dokotala asanagwire n'komwe wodwala. Kuzindikira kuti palibe chodetsa nkhawa, ndi kutha kunena chifukwa chake, ndi kuganizanso.

Malire a kukhoza muwaike mayeso asanayambe. Njira ya Angoff ndi yosavuta: anamwino odziwa ntchito asanu kapena kuposerapo aganizire namwino watsopano amene wangokwanira kukhala wosaopsa, aliyense anene mwayi woti munthu wotereyo achite bwino pa mfundo iliyonse, ndipo mupeze avereji ya ziwerengerozo pa mfundo iliyonse, kenako muphatikize ma avereji onsewo kuti mupeze malire a kukhoza. Nkhani zimaululika msanga pakati pa anzawo, choncho khalani ndi mitundu iwiri ya nkhani iliyonse, yosiyana zaka za wodwala, manambala ndi malo a chizindikiro chobisika.

Wosafika pa mlingo apatsidwe ndondomeko yolembedwa yotchula gawo lenileni limene lafooka, namwino womuyang'anira, ndi tsiku lobwereza pa nkhani ina ya vuto lofanana, pakatha milungu iwiri kapena inayi. Pa nthawi imeneyi asamusiye yekha usiku ndi odwala ofooka. Womuyang'anirayo azimufunsa kamodzi pa shifiti iliyonse kuti ndi wodwala uti akumudetsa nkhawa kwambiri, chifukwa chiyani, ndipo achita chiyani zikasintha, n'kulemba mayankho mwachidule. Onse, okhoza ndi osakhoza, ayesedwenso pakatha miyezi itatu ndi isanu ndi umodzi pa fomu yomweyo, ndipo zolemba za m'wodi muziike pambali pa malikisi a m'chipinda. Zikatsutsana, munthu wina amene sanamuyesepo akamuonerere namwinoyo akugwira ntchito m'wodi musanapange chigamulo.